Singano za Mayi a ku Wattville

Tsiku loyamba kukumana ndi mayi a ku Wattville ndinawatukwana. Sindibisa, pakamwa panga ndimapadziwa ndekha, ndipo amene anakhalapo nane bwalo limodzi ku Primrose, kuno ku Joni, akhoza kuchitira umboni. Linali Lachinayi, tsiku limene adona anga a ku Bedfordview amandimasula masana. Ndinatsika takisi nditanyamula mpunga ndi nkhuku zotsala patebulo la mabwana, n'kulunjika kuseri kwa mashopu kumene ndinkadziwa kuti ndikawapeza achimwene anga.

Ndinawapezadi, atakhala pathumba la zitsulo zakutha, kangolo kawo kotolera zinthu kali pambali. Patsogolo pawo panaima mayi wachikulire, wojintcha, duku kumutu, ambulera m'khwapa, pansi ataika chidebe chachikasu chokhala ndi chivundikiro. Achimwene ankaponya m'chidebemo majekeseni akale, mayiwo n'kumawapatsa atsopano osatsegula m'mapepala ake, poyera, dzuwa likuswa mtengo, ngati akugawa maswiti.

Mtima wanga unawira.

"Mayi inu, manyazi mulibe?" ndinakuwa. "Ukulu wonsewo, mukugawira ana a eni ake imfa? Wakutumani ndani? Kapena ogulitsawo ndinu?"

Ndinalankhula Chichewa dala, poganiza kuti ndi Mzulu sakumva, ndipo ndinawonjezera mawu ena amene sindingawalembe pano. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kuyankha m'Chichewa chotsimphina, cha munthu wobadwira konkuno.

"Hawu, ndiwe mchemwali wake uja? Amakutchula tsiku ndi tsiku. Tagwira ambulerayu, mwana wanga, dzuwa likundiwotcha ndipo manja ndili nawo awiri okha. Ukamaliza kutukwana undiuze kwanu n'kuti."

Ndipo ndinaugwira ambulerayo. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, ndikuwaphimba dzuwa, iwo akutsuka chilonda cha pamkono wa achimwene ndi madzi a m'botolo.

Achimwenewo ndi amene anandibweretsa ku Joni. Bambo athu atamwalira ku Ntcheu, iwo anali kale kuno, akuyala matailosi m'nyumba za anthu olemera. Anandilandira potsika basi, anandiphunzitsa kaimikidwe ka zala poimitsa takisi, anandipezera ntchito kwa adona amene ndikuwagwirirabe mpaka lero. Koma ndiye anali mmisiri! Akayala bafa, mwini nyumba ankaitana anzake kudzaona. Tsiku lina anagwa pansanja, msana n'kuvulala. Ululu sunathe, ndipo pantchito safuna munthu woyenda chowerama. Mnzawo wina anawapatsa kandudu ka nyaope, ufa uja amasakaniza ndi chamba, ati msana uleka. Msana unalekadi. Posakhalitsa kusuta kunayamba kuwachepera, anayamba kudzibaya.

Zida zawo za ntchito zinapita chimodzichimodzi. Kenako ketulo yanga, simbi yanga, mpaka nsapato zanga za kutchalitchi. Munthu amene sankatuluka m'nyumba ndi malaya osasita anayamba kugona pamakatoni, kumapisa manja m'mabini a anthu. Ine ndinkawaitanabe kuti achimwene, chakudya n'kumawapatsa ndi manja awiri, koma mumtima ndinkawanyoza ndipo iwo ankadziwa. Amayi kumudzi ndinkawanamiza: ati foni yawo inatayika, ati ali kutali ku kontirakiti. Mantha anga anali amodzi okha, oti tsiku lina ndidzawaperekeza kwa amayi ali m'bokosi, m'ngolo ija imakokedwa kumbuyo kwa minibasi.

Nditafufuza ndinamva kuti mayi ndinawatukwanawo si munthu wamba pakati pa Amalawi a kuno. Bambo awo anali a ku Dedza, anabwera kumigodi osabwereranso, mtchona weniweni. Mayiwo anagwira ntchito ku kiliniki mpaka kupuma, kenako analowa m'kagulu kena kothandiza anthu odzibaya. Koma chimene ankadziwika nacho kwambiri n'china. Mmalawi akamwalira kuno, achibale ake mawu atawauma, mayiwa ndi amene ankaimba foni kumudzi. Uthenga wotere uli ndi kanenedwe kake. Sumangoti wafa, ayi. Umayamba wapereka moni, n'kufunsa ngati pali anthu pafupi, kenako umati matenda akula, n'kudikira kuti winayo akhale pansi. Mayiwo ankaidziwa ntchito imeneyi kuposa abusa.

Nkhani ya achimwene itafika posauzana, ndinakadandaula kwa mkulu wa mpingo wathu, bambo wowongoka amene amalondera pageti ku Bedfordview. Iwo anati nkhani yotere sakamba awiri, tipite ku Wattville kumene kuli akuluakulu. Tinapita Lamulungu masana. Tinakhala panja pansi pa mtengo wa mapichesi, mayi akuthira tiyi, amuna awo atakhala pampando wapulasitiki, chipewa chili pabondo. Amunawo tonse timangoti madala. Anachokera ku Mulanje ali mnyamata kudzakumba golide, ndipo mgodi unawasiyira chifuwa chimene chimawadula mawu pakati.

Mkulu wa mpingo ndiye anayamba. "Nkhaniyi ndi yaifupi. Ichi ndi chiwanda. Timutsekere m'nyumba, tisale kudya, tipemphere. Thupi likayera, ndiye tione zomukweza basi akapume kumudzi. Koma kumupatsa singano, pepani mayi, kuli ngati ine kupereka makiyi kwa wakuba."

Madala anaseka mpaka kutsokomola. "Aikona! Inu akulu, mwalondera mageti zaka zonsezi, akuba anatha? Ine pofika kuno ndinapeza azimayi akukwirira migolo ya mowa pansi, apolisi n'kumabaya nthaka ndi zitsulo kuifunafuna. Mowa unatha? Sunathe. Ankangoufulula mothamanga, n'kuthiramo zosadziwika kuti uwawe msanga, anthu n'kumadwala nawo. Izinso n'chimodzimodzi. Munthu akagula kapepala kaja sadziwa kuti muli chiyani. Lero mwachepa, mawa mwachuluka, mkuja athiramo za makoswe. Boma lingololeza basi, zizipezeka kogulitsa mankhwala, muyezo utalembedwa pabotolo. Anyamata ogulitsa m'makonawa njala iwathamangitsa yokha."

"Mwamva, mayi?" mkulu uja anatembenukira kwa ine. "Akufuna nyaope akhale pashelefu pafupi ndi shuga."

Mayi a ku Wattville anaika thipoti pansi. "Abambo," anatero kwa amuna awo, "mowa analoleza, eya. Nanga mafoni a maliro a mowa ndaimba angati? Ngozi za pamsewu, mipeni ya Loweruka, ziwindi zotupa. Chinthu chikalowa m'sitolo chimapeza ochitsatsa. Ine sindifuna chigulitsidwe ngati buledi. Chimene ndikufuna n'choti odwalawa aleke kuwathamangitsa ngati agalu, n'kumawapondera singano zimene ndawapatsa m'mawa. Agwire ogulitsa."

"Ogulitsa ake ati? Ambiri mwa iwo ndi odwala ako omwewo, akugulitsa kuti apeze zawo," anayankha madala. "Vuto lako ndi limenelo. Wawoloka mtsinje n'kuima pakati."

"Pakati pomwepo ndi pamene anthu akukokoloka, abambo. Imwani tiyi akuzizira."

Ndinamva pambuyo pake kuti awiriwa akhala akukangana nkhani imeneyi kwa zaka, moti oyandikana nawo amadziwa mawu a aliyense pamtima. Koma Lachinayi lililonse madala ndi amene amanyamula chidebe chachikasu chija mpaka pokwerera takisi.

Kenako mayi analankhula kwa mkulu wa mpingo, mofatsa. "Pemphero sindikana, inenso ndimagwada. Koma singano imodzi akabayira anthu asanu, matenda a mmodzi asanduka a onse. Ndimupatse ndisamupatse, kubaya abayabe, chifukwa chibaba chake si cha fodya ichi, chimathyola mafupa. Ine ndimangofuna kuti tsiku limene adzafune kusiya lidzamupeze ali moyo. Kuli mankhwala akumwa, amati methadoni, amaziziritsa chibabacho munthu n'kumagwira ntchito bwinobwino. Odikira ndi ambiri, koma dzina lake ndinalembetsa kale."

Apa ndiye pakamwa panga panayabwanso. "Kuchotsa chizolowezi ndi chizolowezi china? Ayi mayi, zimenezo ndakana. Ine ndikufuna achimwene anga akale, osati munthu wokafola pamzere wa mankhwala moyo wake wonse." Ndinasankha njira ya mkulu wa mpingo. Mayi anangogwedeza mutu n'kundiwonjezera tiyi.

Achimwene anavomera okha kutsekeredwa. Anthu amaiwala zimenezi, kuti iwonso ankafuna kusiya kuposa tonsefe. Chipinda changa ndi chakuseri kwa nyumba ya eni, chimodzi chokha, bedi, sitovu ndi zenera lazitsulo. Ndinagula loko, makiyi n'kumanga kunsonga ya chitenje. Masiku oyambawo, abale inu, ndinaona zakuda. Thukuta kamukamu, kusanza, kutsekula m'mimba, miyendo kumenya khoma, bambo wamkulu ndevu pepeya kulira akuitana amayi ake. Mkulu wa mpingo ndiwayamikire pano: akaweruka kuulonda ankabwera osagona, kupemphera, ndipo chidebe chonyansa chimene achimwene ankadzithandiziramo ankakataya okha.

Tsiku lachitatu ndinangomva kugogoda. Anali mayi a ku Wattville, atakwera matakisi awiri, thukuta lili pamphumi. Ndinkayembekeza kuti andinena, koma sanatchule n'komwe za mkangano uja. Anabweretsa madzi a shuga ndi mchere m'mabotolo, anawatikita achimwene miyendo, anachapa mabulangete n'kuyanika. Potuluka anandikokera pambali, n'kutulutsa m'chikwama lalanje ndi kathumba kakang'ono ka zipi. Munali timabotolo tiwiri tagalasi ndi majekeseni awiri.

"Tamvera, mwana wanga. Masiku ano ndi owawa, koma tsiku loopsa ndi limene udzatsegule chitsekochi. Thupi lidzakhala litaiwala. Akadzabaya muyezo wake wakale, mpweya udzaima. Awa ndi mankhwala odzutsa munthu wotero. Taona." Anandionetsa kathyoledwe ka khosi la kabotolo, kakokedwe ka mankhwala, n'kubaya lalanje lija. "Pantchafu. Basi."

Ndinaipidwa kwambiri. Kwathu sakhomeratu bokosi wodwala akupuma, kutero n'kumuitanira imfa. Ife tikusala kudya, iwo akutiombezera zoti munthu adzabwerera kumatope! Mawu okana anafika pakhosi. Koma dzanja lawo linali litatambasuka kale, dzanja la munthu wa msinkhu wa amayi anga. Ndipo amayi anandilera kuti chochokera m'dzanja la wamkulu sukana, ingakhale mbatata yowola. Umalandira, kutaya ukatayira kutsogolo. Ndinapinda mawondo, ndinalandira ndi manja awiri, ndinati zikomo. Atangopotoloka ndinakaponya m'chikwama cha Baibulo, cholinga Lamulungu ndikakataye m'bini ya pamsewu. Nditafika pabinipo ndinakumbuka amene amapisamo manja, anzawo a achimwene, ndipo ndinaopa kuwatayira singano. Ndinati ndidzataya kwina. Kathumbako kanatsalira m'chikwama, pansi pa buku la nyimbo.

Patatha masabata atatu achimwene anali munthu wina. Masaya anayamba kubwerera, ankadya ngati dzombe, anandikonzeranso chitseko cha kabati chimene chinali lendelende. Tinagwirizana kuti Lamulungu lotsatira akapereke umboni. Anameta, mkulu wa mpingo anawabwereka suti yabuluu, manja ake ofupikirako pang'ono. Timapemphera m'kalasi ya sukulu ina, mabenchi a ana titawakankhira kumbuyo. Achimwene ataimirira n'kunena kuti ndinali wakufa koma lero ndili moyo, nthungululu zinaphulika, ine misozi chuchuchu. Wina anajambula pafoni n'kutumiza kwa amayi kumudzi, limodzi ndi nkhani yonse imene ndinkabisa ija. Sindinadandaule, poti inali itatha bwino.

Ndiye tinachita zimene Amalawi timachita mtima ukakondwa. Wina anaika mbale pamapazi pawo, nyimbo inayambika, anthu n'kumabwera chovina kudzafupa. Alonda, olima maluwa, ife ochapa za eni, aliyense anaponya kangachepe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kawiri. Ine mwini wakene ndinakulunga ndalamazo m'kampango n'kuwaikira m'thumba la suti, ndikuti, "Achimwene, mugulire zida zoyambira ntchito." Ndi manja angawa!

Titatuluka, tikupatsana moni panja, anandiuza kuti akufuna akaonekere kwa anzawo aja kuseri kwa mashopu, akaone okha kuti n'zotheka. Ndinawalola monyadira. Mashopuwo sali patali ndi sukulu. Ndinali ndikadali pageti ndi azimayi, tikukamba za yunifomu, pamene kunatulukira mkazi wina wowonda, akuthamanga wopanda nsapato. Ndinkamuona Lachinayi lililonse pakati pa odzibaya aja koma ndinali ndisanamupatsepo moni. Anandigwira mkono. "Sisi, bwerani msanga, abale anu sakudzuka!"

Ndinawapeza atagona pamakatoni omwe aja, suti ili mbuu ndi fumbi, milomo itada, akuliza mkonono wachilendo, wotalikirana. Anzawo anali atawagoneka cham'mbali, monga mayi anawaphunzitsira, ndipo palibe anathawa. Ndinawagwedeza, ndinawamenya mbama, zii. Zala zanga zinapeza zokha nambala ya ku Wattville.

"Mayi, achimwene afa! Afa achimwene!"

"Usalire nthawi isanakwane. Akupuma?"

"Akuliza mkonono."

"Si tulo timeneto. Kathumba kaja kali kuti?"

Ndinayang'ana paphewa langa. Chikwama cha Baibulo chinali pomwepo. Ndinakhuthulira zonse pansi, Baibulo, buku la nyimbo, maswiti, ndipo kathumba kaja kanagwera pamwamba. Pafoni ndinamva mayi akukalipira madala kuti aimbire ambulansi pafoni yawo, kenako mawu awo anabwerera kwa ine, odekha ngati akundiphunzitsa kuphika. Pothyola kabotolo ndinadzicheka chala. Mkazi wowonda uja anandigwirira foni kukhutu ndi dzanja limodzi, linalo atagwira mwendo wa achimwene.

"Mayi, buluku! Ndiwavule?"

"Baya pabuluku pomwepo. Suti si munthu."

Ndinabaya. Palibe chinachitika. Anandiuza kuti ndiwagoneke chagada, ndiwatseke mphuno n'kuwauzira mpweya m'kamwa, iwo akuwerenga nane mokweza. Ine amene ndinkanyansidwa ngakhale kukhudza malaya awo, ndinaika pakamwa panga pakamwa pawo. Patapita kanthawi mayi anati, "Kachiwiri tsopano." Ndinabayanso. Ndinauziranso. Kenako chifuwa chawo chinadzikoka chokha, anatsokomola, anasanzira nsapato zanga, n'kutsegula maso ofiira psuu.

"Iwe, wandichita chiyani?" anatero mokwiya, n'kuwonjezera mawu oipa.

Chibadwire sindinasangalalepo ndi kutukwanidwa ngati tsiku limenelo. Ndinakhala pansi m'fumbi momwemo ndi zovala za kutchalitchi, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi, mpaka ambulansi inafika.

Kuchipatala anati awagoneke kuti awaone, poti mankhwala odzutsawo amatha mphamvu msanga. Dzuwa lisanalowe mayi anafika ndi madala. M'khonde anapeza mkulu wa mpingo atakhala pabenchi, nkhope ili m'manja. Ine ndinaganiza kuti apa ndiye awauza zoona. M'malo mwake anakhala nawo pafupi n'kunena kuti, "Masabata atatu aja munagwira ntchito, abambo. Chidebe chija si aliyense akanataya. Ndipo wodwalayo waona yekha kuti thupi lake lingathe kukhala popanda nyaope."

Madala anakonza kukhosi. "Likanakhala botolo lolembedwa muyezo..."

"Abambo, lero ayi."

"Chabwino, mawa," anatero madala.

Ine ndinagwada pansi m'khonde momwemo, anthu akudutsa. "Mayi, ndinakutukwanani pamaso pa anthu. Ndipo kathumba kaja ndinalandira chifukwa cha ulemu chabe, ndinkafuna kukataya."

"Ndinadziwa," anatero. "N'chifukwa chake ndinakupatsa m'manja, sindinasiye patebulo. Mwana woleredwa ku Ntcheu sangabweze dzanja la nkhalamba. Za kutukwanazo usadandaule, Chichewa chimene bambo anga anandiphunzitsa bwino ndi chomwecho. Dzuka, pansi pano ndi pauve."

Ndineneretu pano kuti achimwene sanachire tsiku limenelo. Dzina lawo litatuluka anayamba kumwa methadoni uja ndinkamunyoza, ndipo akumwabe. Aterereka kawiri chiyambireni, kawiri konse n'kudzukanso. Ayambiranso kuyala matailosi, pang'onopang'ono chifukwa cha msana, ndipo ketulo anandigulira ina. Za kuloleza kapena kusaloleza, mpaka lero sindidziwa wolondola pakati pa madala ndi akazi awo. Ndikamvera mmodzi ndimavomera, ndikamvera winayo ndimavomeranso. Chimene ndimadziwa n'choti Lachinayi ndikaweruka ndimakagwira ambulera kuseri kwa mashopu, ndipo mkazi wowonda uja ndimamupatsa moni ndi manja awiri.

Koma tsiku lija m'khonde la chipatala panatsala chinthu chimodzi. Foni yanga inkangolira osaleka. Anali amayi kumudzi. M'mawa anaona mwana wawo ali mu suti akupereka umboni, masana wina wa pakamwa popepuka anali atatumiza kale uthenga woti wagwa, amutengera kuchipatala. Ndinayang'ana foniyo osaiyankha. Ndikanayambira pati, nditawanamiza zaka ziwiri?

"Mayi, ndiyankhulireni ndinu," ndinawapempha.

Anazengereza. "Mawu anga kumudzi sawakonda, mwana wanga." Komabe anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabuku kakang'ono kachikuto chakutha. Ndinati ndiwapatse nambala, iwo anati ali nayo. Ndinasuzumira. Munali maina a anthu onse aja a kuseri kwa mashopu ndi ena ambiri, lililonse pambali pake pali nambala ya mayi ake, kapena ya mlongo, kapena ya malume. Maina ena, a amene anatisiya kale, anali odulidwa ndi mzere. Dzina la achimwene linali pakati pa tsamba, ndi nambala ya amayi, yolembedwa ndi dzanja la achimwene eni ake.

"Onse ndimawapempha nambala, tsiku loyamba lomwe," anatero. "Ukandiona ndikugawa singano padzuwa, dziwa kuti ndikuthawa kabuku aka."

Tinalowa m'chipinda mmene anagona achimwene. Mayi anaimba pafoni yawo, n'kuikweza mawu kuti tonse timve. Inalira kamodzi kokha.

"Moni mayi. Ine ndine mayi wa kuno ku Joni, ndikuimba..."

Sanamalize. Amayi anakuwa kukuwa kumene sindidzaiwala. "Mayo ine! Mwana wanga ine! Mayo!" Kumudzi aliyense amadziwa tanthauzo la mawu a munthu wachikulire wosamudziwa, oimba kuchokera ku Joni pa nambala yachilendo. Kumbuyo kwawo tinamva azimayi ena akuyamba kulandira maliro.

Ndipo mayi a ku Wattville, amene moyo wawo wonse ankadziwa kuzungulira pang'onopang'ono, anaiwala mwambo wonse. Anakuwa mpaka namwino anasuzumira pakhomo.

"Ayi mayi, ayi! Lero sindinaimbire zimenezo! Tontholani, auzeni atonthole! Ali moyo! Ali pano, nayu, mulankhule naye nokha!"

Anaika foni pakhutu la achimwene. Kenako achimwene, milomo youma, mawu osasa, anati, "Amayi, ndine."

Mayi anapita pazenera n'kutifulatira. Anavula magalasi, n'kumapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, mapewa akugwedezeka. Madala anawapatsa kampango. Patapita kanthawi mayi anavalanso magalasi, anatseka kabuku kaja osalembamo chilichonse, n'kukabwezera m'chikwama.